Ndinapita ku msonkhano wa anthu opanga mawebusayiti: zomwe ndatolako pa geni yathuyi

Ambiri mumandidziwa, ndimabweretsa mpunga wa Kilombero, usipa, nyemba ndi zitenje kuno, ndipo pobwerera kumudzi ndimanyamula mabulangete ndi ziwiya. Lero sindikutsatsa katundu ayi. Ndikufuna ndikufotokozereni za misonkhano ina yake yomwe ife ogeni timaiphonya poganiza kuti ndi ya anthu ophunzira zamakompyuta okhaokha.

Chinandipititsa kumeneko ndi mkwiyo. Zaka ziwiri zapitazo ndinalipira mnyamata wina kuti andipangire webusayiti. Inatuluka yokongola ndithu, koma miyezi inadutsa popanda oda ndi imodzi yomwe yobwera kudzera pamenepo. Nditafuna kusintha mitengo ndinapeza kuti pasiwedi ali nayo ndi iyeyo, dzina la webusayiti analembetsanso m'dzina lake, ndipo foni yake inali itasiya kupezeka. Ndalama zinapita, webusayiti inapitanso. Mwana wa mchemwali wanga ndi amene anandipangira ina pa WordPress, n'kundiuza kuti, "Amalume, tiyeni ku meetup mukaone nokha." Ndinakana kawiri, kachitatu ndinapita.

Poyamba ndifotokoze kuti WordPress n'chiyani. Ndi pulogalamu yopangira mawebusayiti yomwe inayamba mu 2003, ndipo anaiyambitsa ndi Matt Mullenweg ndi Mike Little. Lero mawebusayiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lapansi amayendera pulogalamu imeneyi. Ili m'gulu la mapulogalamu omwe amati open source, kutanthauza kuti aliyense ali ndi ufulu woitenga mwaulere, kuigwiritsa ntchito, kuona mmene inapangidwira mkati ndi kuisintha. Kwa ife ogeni phindu lake ndi lakuti sumangidwa ndi munthu mmodzi. Amene anakupangira akasowa, wina aliyense wodziwa WordPress atha kupitiriza pomwe anasiyira, ndipo odziwa ndi ambiri. Ukakhumudwa ndi kampani yomwe ikukusungira webusayiti, umasamutsa zonse kupita kwina ngati mmene timasamutsira katundu kuchoka m'shopu ina kupita ina.

Kachigawo kogulitsira malonda pa WordPress kamatchedwa WooCommerce. Kanatuluka mu 2011 kuchokera ku kampani ya WooThemes yomwe mizu yake ili ku Cape Town, ndipo mu 2015 inagulidwa ndi Automattic. Nditamva zimenezi ndinaseka ndekha, kuti kodi zinthu zopangidwa pafupi pompano ife tikuziopa chifukwa chiyani?

Misonkhano yake ilipo mitundu iwiri. Meetup ndi yaing'ono, ya maola ochepa madzulo kapena Loweruka, kawirikawiri yaulere, ndipo imalengezedwa pa Meetup.com. WordCamp ndi yaikulu, ya tsiku limodzi kapena awiri, tikiti yake amaiika yotsika dala kuti aliyense akwanitse. Yoyamba inachitika mu 2006 ku San Francisco, ndipo yachitikaponso ku Cape Town, Johannesburg, Harare ndi Nairobi. Okonza ndi olankhula amakhala anthu odzipereka, salipidwa. Amene muli kutali kapena ntchito sikukupatsani mpata, zokambidwa zambiri amaziika pa WordPress.tv kuti muonere mwaulere.

Tsiku lomwe ndinapitalo nkhani inali ya user experience, ena amangoti UX. Mawuwa anatchuka kudzera mwa Don Norman m'zaka za m'ma 1990 pomwe ankagwira ntchito ku Apple. Tanthauzo lake ndi zomwe kasitomala amakumana nazo kuyambira polowa mpaka potuluka: wapeza chomwe akufuna? wavutika? wabwereranso? Kunena zoona, izi ife timazidziwa kale. Mukamayala katundu pa benchi, zothamanga mumaika kutsogolo, mtengo mumalemba pooneka, chenje mumakhala nayo pafupi. Vuto ndi lakuti tikafika pa intaneti timaiwala zonsezi n'kuyamba kufuna zokongola.

Wolankhulayo anapempha munthu amene angalole kuti webusayiti yake iyesedwe pagulu. Mphwanga uja anandikweza dzanja mokakamiza. Anapatsa foni mayi wina amene sankandidziwa n'kumuuza kuti agule mpunga wa 5kg, ndipo ine anandiletsa kulankhula kapena kuloza. Abale, ndinatuluka thukuta. Tsamba linachedwa kutseguka chifukwa zithunzi ndinaziika mmene zinachokera mu kamera, zolemera kwambiri. Litatseguka, mayi uja anakumana ndi mbiri yanga yaitali m'malo mwa katundu. Mpunga ataupeza, mtengo panalibe, panangolembedwa kuti "inbox for price". Atafika polipira, inamuuza kuti ayambe watsegula akaunti. Apo anabweza foni n'kunena kuti akanakhala kunyumba akanasiya kalekale.

Palibe amene anandiseka. M'malo mwake anthu atatu anakhala nane pansi pambuyo pake n'kundionetsa pokonza. Zomwe ndinasintha ndi izi. Zithunzi ndinazichepetsa kulemera, chifukwa makasitomala athu ambiri amalowa pa foni ndi bandulo yowerengera, ndipo tsamba lodya data amalithawa. Mtengo ndinauika pansi pa chithunzi chilichonse, pamodzi ndi kulemera kwa katunduyo. Ndinalola kugula popanda kutsegula akaunti, zomwe mu WooCommerce ndi kungochonga kabokosi kamodzi. Ndinaika batani la WhatsApp pooneka, poti anthu athu amafuna kulankhula ndi munthu asanatulutse ndalama. Ndinalembanso poyera masiku omwe ndimanyamuka ndi kufika, komanso komwe munthu angatengere katundu wake. Mafunso a "muli kuti" ndi "ndi zingati" omwe ankandidzutsa usiku achepa, ndipo ma oda ayamba kulowa, ngakhale sindinganame kuti ndalemera.

Mayeso amenewa mutha kuchita nokha osalipira aliyense. Katswiri wina wa nkhanizi, Jakob Nielsen, analemba mu 2000 kuti kuyesa ndi anthu 5 okha kumaulula mavuto ambiri a webusayiti. Pezani anthu asanu onga makasitomala anu enieni, muphatikizepo wachikulire mmodzi amene maso amamuvuta ndi wina wa foni yotchipa. Apatseni ntchito imodzi, inu mutseke pakamwa, muone pomwe akukakamira. Njira yomweyi imagwiranso pa katalogi ya WhatsApp Business kapena tsamba la Facebook, sikuti mpaka mukhale ndi webusayiti.

Tsopano chenjezo, kuti zomwe zinandionekera ine zisakuonekereni. Pulogalamuyo ndi yaulere, koma dzina la webusayiti ndi malo oisungira mumalipira chaka ndi chaka kapena mwezi ndi mwezi. Zonse ziwirizi zilembetsedwe m'dzina lanu, ndi imelo yanu, ndipo pasiwedi ya admin mukhale nayo inuyo musanamalize kulipira wokupangirani. Dziwaninso kuti WordPress.org ndi komwe kuli pulogalamu yaulere ija, pomwe WordPress.com ndi kampani yosunga mawebusayiti yomwe ili ndi mapulani ake olipira. Musalole kuikiridwa ma plugin obedwa omwe ena amagawa mwaulere, chifukwa ndi momwe akuba amalowera. Muzipanga update ndi kusunga backup. Ndipo amene tili ku South Africa tikumbuke kuti lamulo la POPIA, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira mu July 2021, limatikhudza tikamasunga maina, manambala ndi ma adiresi a makasitomala. Osamangogawa manambala a anthu m'magulu.

Ena munena kuti Chingerezi chimakuvutani kapena mulibe laputopu. Ine ndinalekezera Fomu 4 ndipo ndinapita ndi foni yokha. Mawu ena ankandidutsa, koma ndikafunsa ankandiyankha bwinobwino, ndipo ena ankasangalala kumva mavuto a munthu wogulitsa zenizeni. Mukapita, lembani mafunso awiri kapena atatu pa pepala, mufike msanga, ndipo musathamangire kutuluka akamaliza, chifukwa thandizo lenileni limapezeka pa nthawi ya tiyi ija.

Amene muli ku Johannesburg ndipo mukufuna tidzapitire limodzi ulendo wina, lembani m'munsimu. Amene muli ndi webusayiti kapena katalogi ndipo simukuopa manyazi, ikani linki, tiyesane tokhatokha muno m'gulu. Geni yabwino nonse, muyende bwino m'misewumu.