Maluwa a Pakhomo M'nyengo ya Chilimwe

Maluwa okongoletsa pakhomo amakumana ndi mayeso aakulu m'chilimwe, kuyambira Seputembala kufikira mvula itagwa. Dzuwa limaswa mtengo, kapinga amauma, zitsime zimaphwa ndipo madzi a m'mipopi amavuta. Komabe ndi m'nyengo yomweyi pamene zomera zina zimaonetsa kukongola kwake konse.

Woyamba kuchita maluwa ndi jakaranda, mtengo wochokera ku South America, amene mu Seputembala ndi Okutobala amakongoletsa misewu ya ku Zomba, Blantyre ndi Lilongwe ndi maluwa a pepo. Pambuyo pake pamabwera flamboyant wochokera ku Madagascar, wa maluwa ofiira kuti psuu. Iwiriyi ndi mitengo ikuluikulu, ndipo mizu yake imang'amba khonde ndi mapaipi, choncho siyenera kudzalidwa pafupi ndi nyumba.

Pakhomo pamene madzi ndi osowa, palibe duwa loposa bougainvillea. Zimene anthu amaziona ngati maluwa ake, zofiira, zoyera kapena zachikasu, kwenikweni ndi masamba opyapyala ngati pepala, ndipo duwa lenilenilo ndi kanthu kakang'ono koyera kamene kamabisala pakati pawo. Bougainvillea akamathiriridwa kwambiri kapena kupatsidwa feteleza wambiri amangochulutsa masamba obiriwira. Akaumidwa pang'ono, ali padzuwa tsiku lonse, m'pamene amayanga mpanda wonse ndi mitundu yake. Minga yake imathandizanso kutchinga mbuzi.

Frangipani nayenso amapirira ludzu ndipo fungo lake limamveka bwino madzulo. Pofuna kumuchulukitsa, nthambi yodula imasiyidwa pamthunzi masiku angapo kuti bala liume, chifukwa ikazikidwa yaiwisi imaola. Hibiscus ndi canna ndi osiyana ndi amenewa: amafuna madzi pafupipafupi, ndipo akasowa amafota msanga.

Kathiriridwe ndi komwe kamapha kapena kupulumutsa maluwa ambiri. Kuwaza timadzi tochepa tsiku lililonse kumachititsa mizu kuyenda pamwamba, pamene dothi limatentha kwambiri. Ndi bwino kuthirira mokwanira kawiri kapena katatu pa sabata, m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, kuti madzi alowe pansi. Maluwa a m'miphika, m'zigubu zodula ndi m'matayala akale ndiwo amafuna madzi tsiku ndi tsiku, poti dothi lake ndi lochepa. Madzi otsukira ndiwo zamasamba kapena mpunga sayenera kutayidwa, koma okhala ndi mchere kapena mankhwala oyeretsera zovala amaononga dothi.

Kuphimbira pansi ndi udzu wouma kapena masamba kumasunga chinyezi. Vuto lake ndi chiswe, chimene chimakonda zouma, n'chifukwa chake zophimbirazo siziyenera kukhudza tsinde.

Si zokongola zonse zimene zili zabwino pakhomo. Oleander ali ndi poizoni kuyambira masamba, maluwa mpaka nthambi, ndipo ndi woopsa pamene pali ana ndi ziweto. Lantana, amene anabwera ngati duwa, anafalikira m'tchire ndipo amadwalitsa ng'ombe zikamudya.

Mbande zatsopano zimafuna kudikira. Mvula ya chizimalupsa imanamiza anthu ambiri, chifukwa ikadutsa dzuwa limabweranso mwamphamvu n'kuwotcha zonse zowokedwa. Chilimwe ndi nthawi yokumba mayenje, kuthiramo manyowa owolerana ndi kulera mbande pamthunzi. Kuwokera kumayamba mvula ikakhazikika, nthawi zambiri m'mwezi wa Disembala.