Sabata masana tiyeni nawo ana kunkhalango

Tikaweruka kutchalitchi n'kudya nkhomaliro, akuluakulu ambiri amagona, ana n'kumalimbirana foni. Komatu masana a Sabata ndi nthawi yabwino yoti banja lonse likayende m'nkhalango kapena m'mbali mwa mtsinje, motsogoleredwa ndi munthu wodziwa malowo.

Wina anganene kuti mwana wa ku Ntcheu safunika kumuonetsa tchire, poti amapitako kale kukatola nkhuni, kudyetsa ng'ombe ndi kutola masuku. N'zoona. Koma m'maulendo otere amangophunzira kuti nkhalango ndi malo okatengako zinthu. Ulendo wokhala ndi wotsogolera umam'phunzitsa kufunsa kuti madzi a mumtsinje amachokera kuti, nanga bwanji mitsinje ina imaphwa m'chilimwe pamene ina imayendabe.

Kwa ife funsoli si lamasewera. Damu la Mpira, lomwe lili m'nkhalango ya Mvai, limapereka madzi a m'mipope kumidzi yambiri ya Ntcheu ndi Balaka. Mu 2018 damuli linaphwa, ndipo anthu anavutika kusaka madzi. Kupatula kuchepa kwa mvula, kudula mitengo ndi kulima kumtunda kwa damu kunaonjezera vutoli. Pamene pali mitengo, masamba ogwa ndi mizu zimachedwetsa madzi a mvula kuti alowe pansi, kenako amatuluka pang'onopang'ono mu akasupe mpaka m'chilimwe. Pamtetete madzi amangothamanga, n'kukokolola dothi lomwe limakakwirira mtsinje ndi damu. Mwana angadzionere yekha: muuzeni athire botolo la madzi pamtetete, lina pansi pa msuku pomwe pali masamba, aone madzi amene alowe ndi amene athawe. Phunziro la mphindi zisanu limeneli limakhala m'mutu kuposa manotsi a pabolodi.

Mpingo wathu uli kale ndi anthu a ntchitoyi. Gulu la Pathfinder, lomwe General Conference inavomereza mu 1950, limaphunzitsa ana a zaka 10 mpaka 15 za mitengo, mbalame ndi kuyenda m'tchire, ndipo ang'onoang'ono ali ndi Adventurer. Chomwe chimasowa kawirikawiri ndi makolo. Bambo akamatchula mayina a mombo, mlombwa ndi mbawa, kapena agogo akamasiyanitsa bowa wodyedwa ndi wakupha, mwana amaona kuti nzeru zimenezi ndi za kwawo, osati za mayeso okha.

Ulendo wake usakhale wautali. Kilomita imodzi kapena ziwiri zikwanira, chifukwa mwana amaima pa chilichonse: nkhanu pansi pa mwala, mbululu m'chithaphwi, tombolombo pabango. Musam'fulumizitse, kuimako ndiye cholinga cha ulendo. Wamkulu mmodzi atsogole, wina atseke kumbuyo, ndipo muwerenge ana ponyamuka ndi pobwerera.

Pali zoyenera kusamala. Ngati mukulowa m'nkhalango ya boma monga Mvai kapena Dzonzi, yambani mwapempha chilolezo ku ofesi ya zankhalango, komanso dziwitsani amfumu a m'deralo. Ana avale nsapato zotseka, asapise dzanja m'mauna, ndipo aonetseni chitedze asanachikhudze. Asasambe kapena kupondaponda m'madzi odikha, chifukwa nkhono za m'madzi otere zimafalitsa likodzo. M'dzinja musaoloke mtsinje ngati kumapiri kwachita mdima. Madzi amasefukira mwadzidzidzi ngakhale pamene muli pasanagwe mvula. Tengani madzi akumwa akunyumba, ndipo musayatse moto.

Genesis 2:15 amationetsa kuti ntchito yoyamba ya munthu inali kusamalira munda. Ana omwe ambirife tikawaphunzitse tikamaliza maphunziro ndiwo adzasankhe ngati Mvai isanduke makala kapena ikhalebe gwero la madzi. Sabata likubwerali, itanani mabanja awiri kapena atatu, muyambe ndi kamtsinje komwe muli nako pafupi.