Mwala wa m'mapaipi a chimbudzi cha m'boti: umachoka ndi asidi, osati mphamvu

Boti lonyamula alendo likakhala pagombe chifukwa chimbudzi chatsekeka, mwini wake amataya ndalama za tsikulo, ndipo wogulitsa nsomba, zakumwa ndi ziboliboli padoko nayenso amabwerera chimanjamanja. Nthawi zambiri chotseka chimbudzicho si pepala ayi, koma zokakamira zolimba ngati mwala zimene zimamera pang'onopang'ono m'kati mwa paipi. Mmisiri wodziwa kuzichotsa, komanso wamalonda wodziwa mankhwala oyenera kusunga pashelefu, ali ndi msika.

Kodi mwalawu umachokera kuti?

Mkodzo ukatsalira m'paipi, tizilombo tosaoneka ndi maso timausandutsa amoniya. Amoniyayo amachititsa kuti kashiamu ndi maginiziyamu wa m'madzi ndi wa mumkodzo momwemo aundane n'kumata m'mbali mwa paipi. Zimenezi zimafulumira kwambiri m'madzi amchere a m'nyanja zikuluzikulu, monga ku Beira, Nacala, Durban ndi Cape Town, chifukwa lita imodzi ya madzi amenewo imakhala ndi kashiamu pafupifupi mamiligalamu 400. Madzi a m'nyanja ya Malawi si amchere, choncho mwalawu umachedwa kumera m'maboti a ku Monkey Bay, Cape Maclear kapena Nkhata Bay. Komabe umamera ndithu ngati anthu akugujumula ndi madzi ochepa.

Paipi yotulutsa zoipa m'zimbudzi zambiri za m'boti imakhala ya mamilimita 38 m'kati mwake. Mwala ukakhuthala mamilimita 6 kuzungulira, mpata wotsala ndi mamilimita 26 okha, ndipo njirayo imakhala yachepa kupitirira theka. Zizindikiro zake n'zosabisika: pampu imalimba, madzi akuda amabwerera m'mbale ya chimbudzi, ndipo fungo silitha ngakhale atakolopa chotani. Madziwo amabwerera chifukwa kavalavu ka labala kotchedwa joker valve kamauma ndi mwala n'kulephera kutseka.

Kuyeza asanagule mankhwala

Mmisiri wanzeru amayamba watseka mavalavu onse olowetsa ndi otulutsa madzi kunsi kwa boti, chifukwa paipi yomasulidwa valavu ili yotsegula ikhoza kumiza boti. Akatero amamasula paipi, n'kubenthula kachidutswa ka mwalawo, n'kukadonthezera viniga. Kakachita thovu, ndiye kuti asidi augonjetsa. Kuyeza kumeneku kumapulumutsa ndalama, pakuti ambiri amathamangira kugula kositiki soda, amene amasungunula mafuta ndi tsitsi koma mwalawu saukhudza, chikhalirecho amadya zitsulo za aluminiyamu.

Mankhwala atatu

Woyamba ndi viniga woyera wa m'golosale, amene asidi wake amakhala pafupifupi 5 peresenti. Ndi wofooka, motero ntchito yake yeniyeni ndi kuteteza kapena kuchotsa mwala wopyapyala.

Wachiwiri ndi ufa wa citric acid, womwe uja amagwiritsa ntchito opanga zakumwa. Magalamu 100 m'lita imodzi ya madzi ofunda amagwira ntchito kuposa viniga, ndipo ufawu suvuta kunyamula kapena kusunga.

Wachitatu ndi asidi wamphamvu amene m'mahadiweya amamutcha spirits of salts. Ameneyu ndi wa mwala wokhuthala, ndipo amayamba wasungunulidwa: muyeso umodzi wa asidi m'miyeso 10 ya madzi. Asidi ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi, kuopa kuti angathovokere kumaso. Magolovesi, magalasi oteteza maso ndi mawindo otsegula n'zofunika. Asidiyu asalowe m'thanki ya aluminiyamu ndipo asagonere pa zitsulo. Koposa zonse, asidi aliyense, ngakhale viniga, asasakanizidwe ndi Jik, chifukwa zimatulutsa mpweya wa kolorini umene ungaphe munthu m'kachipinda kopanikizika ngati ka m'boti.

Kagwiridwe ka ntchito

Kuchuluka kwa mankhwala kumatengera kutalika kwa paipi. Mita imodzi ya paipi ya mamilimita 38 imalowa madzi opitirira pang'ono lita imodzi, choncho paipi ya mamita 3 imafuna malita pafupifupi 3 ndi theka. Mmisiri amapopa madzi onse m'mbale, n'kuthira mankhwala, n'kupopa pang'onopang'ono mpaka adzaze paipi. Mbali imodzi ya paipi iyenera kukhala yotsegula kuti mpweya wa thovu uzituluka, apo ayi paipi ikhoza kuvuka pamfundo. Mankhwala akakhala ola limodzi, amatsukuluzidwa ndi madzi ambiri, ndipo ntchito imabwerezedwa mpaka thovu litasiya. Kusiya viniga masiku angapo kumatupitsa labala wa m'pampu.

Ngati paipi yatsekekeratu, mankhwala safika pakati. Apa imachotsedwa yonse, n'kumenyedwa pa simenti ya padoko kuti mwala usweke, kenako n'kutsukidwa. Paipi imene yauma n'kuyamba ming'alu, kapena imene fungo lalowerera mpaka kunja, ndi yofunika kugula ina. Kavalavu ka labala kaja n'kabwino kukasintha nthawi yomweyo. Madzi a asidi otsala amaphedwa mphamvu ndi soda wophikira uja wa therere mpaka thovu litaleka, n'kukatayidwa kumtunda pamalo otayira zoipa, osati m'nyanja momwe anthu amatunga madzi ndi kugwira usipa.

Phindu lili pati?

Mmisiri poika mtengo awerengere malita a mankhwala, maola ake, kavalavu katsopano ndi ulendo wopita kudoko. Koma ndalama yodalirika ili m'pangano loti azibwera mwezi ndi mwezi kudzathira makapu awiri a viniga ndi kudzoza pampu ndi supuni ya mafuta ophikira. Aphunzitsenso ogwira ntchito m'boti kugujumula mokwanira. Kampani ya Jabsco, yopanga zimbudzi zopopa ndi manja, imalangiza kupopa maulendo 7 pa mita iliyonse ya paipi, kuti mkodzo utulukiretu.

Wogolosale wa pafupi ndi doko angachite bwino kusunga viniga wa m'zigubu za malita 5, citric acid womangidwa m'timapepala ta magalamu 100, magolovesi ndi zomangira mapaipi zosachita dzimbiri. Asidi wamphamvu asathiridwe m'mabotolo a zakumwa, ngozi ya ana ili pamenepo. Katundu yemweyu ali ndi makasitomala ena kumtunda: oyendetsa zimbudzi zolipira m'misika ndi m'madepoti a basi, makamaka kumadera monga Chikwawa ndi Nsanje kumene mijigo yambiri imatulutsa madzi amchere. Mapaipi a m'malo okodzera kumeneko amameranso mwala womwewu, ndipo mankhwala ake ndi omwewa.