Wotchi "yomvera wayilesi" si yakufa ayi, musathamangire kuitaya

Inu amalonda a mawotchi ndi zamagetsi a m'misika ya Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu, mwina izi zidakuonekeranipo. Mwaoda wotchi yapakhoma yokongola pakati pa katundu wa kaunjika, pankhope pake palembedwa kuti Radio Controlled kapena Funkuhr. Kuika batire, mivi ikungothamanga yokha ngati yagwidwa mizimu, kenaka n'kuima nji pa 12 koloko. Mawa lake kasitomala wabwera nayo m'manja: "Achimwene, mwandigulitsa chakufa, ndibwezereni ndalama zanga!"

Zoona zake n'zakuti wotchiyo ndi yamoyo. Ikudikira uthenga wa nthawi wochokera kunja, koma uthengawo kuno kwathu sufika.

M'kati mwake muli kawayilesi kakang'ono, ndipo eriyo yake ndi kandodo kakuda kokulungidwa ndi waya. Kawayilesika kamatchera khutu ku siteshoni yoti siimba nyimbo, siwerenganso nkhani, ntchito yake n'kulengeza nthawi basi. Ku Germany kuli DCF77 ku Mainflingen, pafupi ndi Frankfurt, pa 77.5 kHz. Ku Britain kuli MSF pa 60 kHz, yomwe idasamuka ku Rugby kupita ku Anthorn mu 2007. Ku America kuli WWVB ku Fort Collins, pamene ku Japan kuli JJY.

Siteshoni imatumiza kachizindikiro sekondi ndi sekondi. Ikatha mphindi imodzi, wotchi imakhala yamva ola, mphindi, tsiku ndi chaka, ndiye imadzikonza yokha. Nthawiyo imachokera ku mawotchi a atomu, oti zaka zikwizikwi zitha kudutsa osaphonya ndi sekondi imodzi yomwe.

Tsono vuto ndi mtunda. Mphamvu ya DCF77 imathera pa makilomita pafupifupi 2,000, pamene kuchoka ku Frankfurt kufika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 7,000. Ngakhale mutaikweza padenga wotchiyo, palibe chomwe ingamve.

Nanga mutani? Itembenuzeni muone kumbuyo. Mawotchi ambiri otere ali ndi kabatani kolembedwa SET kapena M.SET. Dinani osasiya kwa masekondi angapo mpaka mivi iyambe kuyenda, ndipo ikafika pa nthawi yolondola musiye. Ikatero iyenda ngati wotchi ina iliyonse ya batire. Ngati ili ndi poti n'kuzimitsa kawayilesiko, zimitsani kuti isamadye batire posaka siteshoni yomwe kulibe. Koma yopanda kabatani kosinthira pamanja isiyeni pomwepo pooda, chifukwa imeneyo ingokudyerani mpamba.

Kwa abale athu okhala ku Britain kapena ku Germany nkhani ndi ina. Kumeneko uthenga umafika, kungoti umatchingidwa. Yambani mwaika batire latsopano, poti lofooka limayendetsa mivi koma kawayilesi n'kumalephera kumva. Wotchi ikhale pafupi ndi zenera, kutali ndi TV, kompyuta ndi tchaja ya foni, pakuti zimenezi zimasokoneza mafunde a wayilesi. Zipupa za konkire wa zitsulo m'kati nazonso zimatchinga. Ikakanabe, isamutsireni pakhoma lina kuti nkhope kapena msana wake uloze komwe kuli siteshoni. Kenaka isiyeni igone usiku wonse, chifukwa usiku ndi pamene imamva bwino. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tibwerere kumsika kwathu kuno. Musamunamize kasitomala kuti wotchi imadzikonza yokha pofuna kukweza mtengo. Ikonzeni nthawi iye akuona, mumuonetse kabatani kake, ndipo mumuuze kuti tsiku losintha batire adzayenera kuikonzanso. Ndalama ya bodza imabwezedwa mawa lake anthu akuonerera, koma amene mwamuuza chilungamo amabweranso ndi mnzake.