Mtengo wa mfuti yakale umachita thukuta la girizi

Mlimi akamatipula munda wa mbatatesi ku Tsangano, kapena akamaswa mphanje cha ku Furancungo m'boma la Macanga, khasu lake likhoza kugunda chinthu chimene iye sanabzale. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inatha pa 4 Okutobala 1992 atasainirana pangano ku Rome, koma mfuti zambiri zinatsala m'maenje ndi m'mapanga a Mozambique. Ina ikafukulidwa imapezeka yopanda dzimbiri, yomata m'manja ngati aikwirira dzulo.

Chimene chaisunga ndi girizi. Dzimbiri limafuna madzi ndi mpweya, ndiye asilikali posunga mfuti ankazimata girizi wolimba ngati phula, wochokera ku mafuta apansi omwe amayengako petulo. Pachingerezi amamutcha cosmoline.

Chitsulo sichimwa girizi, ukachipukuta chayera. Mtengo ndiye umamwa. Mtengo uja amautsamiritsa paphewa uli ndi timitsempha timene tinkakweza madzi udakali m'nkhalango. Ukauma timitsemphati timatsala pululu, ndipo girizi amalowamo chaka ndi chaka mpaka mtengo kuda, kulemera, ndi kufewa pamene wagundana ndi chitsulo.

Akatswiri osamalira zida zakale amayamba atsimikiza kuti mulibe chipolopolo, kenaka amalekanitsa mtengo ndi chitsulo n'kuuyanika padzuwa. Girizi ameneyu amasungunuka kutentha kukayandikira madigiri 50, choncho mtengo umayamba kuchita thukuta lakuda. Amapukuta, n'kuyanikanso, mawa chimodzimodzi, mwina kwa masabata. Ena amauwaza choko wopera kapena kuukwirira mu utuchi kuti ziyamwe mafutawo. Wopupuluma amawononga: moto umang'amba mtengo, madzi otentha amautupitsa n'kufufuta zidindo zosonyeza kumene mfutiyo inapangidwa. Petulo ndiye woopsa zedi. Nthunzi yake imayaka ndi kamoto kochepa chabe, imapweteketsa mutu ndi kuchititsa chizungulire, ndipo manja amauma mpaka kuchita ming'alu. Pomaliza amapaka mafuta a linseed, koma sanza zake amaziyala panja, chifukwa zikaunjikana zimatha kuyaka zokha.

Ntchitoyi si yathu ife a kumunda, ndipo apa ndikuchonderera. Girizi amene waletsa dzimbiri wasunganso ukali wa mfutiyo. Ikhoza kulira lero lomwe, ndipo pamene pali mfuti pamathanso kukhala mabomba. Musaigwire, musaiwambe pamoto, ana asayandikire. Ikani chizindikiro chapatali, mukauze amfumu ndi apolisi.

Mozambique inapeza kale kopita nazo. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique anayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Mfutizo ankazidula, ndipo mu 2001 mmisiri Kester anawotcherera zidutswa zake n'kupanga mpando umene uli ku British Museum ku London.

Koma kamwedwe ka mtengoka tili nako pakhomo pomwe. Ambiri timapaka oyilo wakuda wochokera mu injini pa nsanamira za khola poopa chiswe. Oyiloyo amalowa m'timitsempha tomwe tija, ndipo muli zinthu zoyambitsa khansa ya pakhungu ngati munthu amugwiragwira zaka zambiri. Popaka valani magolovesi, mukatha sambani ndi sopo, osati ndi parafini. Asafike pa mtondo, pa munsi kapena pa mthiko, pakuti akatenthedwa amatulukanso monga amachitira pa mfuti. Ndipo nsanamira yotereyi ikakalamba musaiwaze kuti muphikire nsima, utsi wake amaupuma ndi mayi amene ali pamafuwa ndi mwana ali kumbuyo.