Ira Glass: mkonzi wa pa wailesi yemwe anachedwa kupsa, koma sanataye zokonda zake

Pa 16 March 2012 anthu omvera pulogalamu ya This American Life ku America anamva zachilendo. Mkonzi wake, a Ira Glass, anathera ola lonse akufotokoza kuti nkhani imene anaulutsa miyezi iwiri m'mbuyomo inali ndi mabodza. Nkhaniyo inali ya katswiri wa zisudzo, Mike Daisey, yemwe anasimba za ulendo wake ku mafakitale opanga zipangizo za Apple mumzinda wa Shenzhen ku China. Anthu anaikonda kwabasi, mpaka mtolankhani wina wa ku Shanghai, Rob Schmitz, anapeza mayi yemwe ankamumasulira Daisey pa ulendowo. Mayiyo anatsutsa zambiri mwa zimene Daisey ananena kuti anaona ndi maso ake.

A Glass sanabise. Anamuitana Daisey pa wailesi, n'kumufunsa mmodzimmodzi za mabodzawo, ndipo anavomera kuti nawonso analakwa poulutsa nkhani asanaitsimikize mokwanira. Kodi munthu woteroyo anachokera kuti?

Mwana wa matsenga a pa phwando

Ira Glass anabadwa mu 1959 mumzinda wa Baltimore. Bambo ake anali owerengera ndalama, ngakhale ali achinyamata anaulutsako mawu pa wailesi. Mayi ake, a Shirley Glass, anali katswiri wa za maganizo a anthu, wodziwika pofufuza za kusakhulupirika m'banja. Ali mwana, Ira ankakonda matsenga ongosangalatsa aja, obisa chinthu m'manja n'kuchitulutsa kwina, ndipo ankawaonetsa pa maphwando a ana anzake.

Mu 1978, ali ndi zaka 19, analowa ku NPR mumzinda wa Washington ngati wophunzira ntchito. NPR ndi wailesi yotumikira anthu osati yamalonda, ndipo nyumba zoulutsira mawu zomwe zili m'gulu lake zimadalira kwambiri zopereka za omvera. Kumeneko anagwira pafupifupi ntchito iliyonse: kudula matepi ndi lezala n'kuwalumikiza, kulemba nkhani zoti ena awerenge, kukonza mapulogalamu, kenako utolankhani. Pakati pa zimenezi anamaliza maphunziro pa yunivesite ya Brown mu 1982. Anaphunzira semiotics, maphunziro ofufuza mmene zizindikiro ndi nkhani zimaperekera tanthauzo. Makolo awo ankalakalaka atakhala dokotala, ndiye mungaganize mmene anaionera digiri imeneyi.

Zaka zokanika

Chodabwitsa n'chakuti a Glass eniake amanena poyera kuti kwa zaka zambiri sankaitha ntchitoyi. Pophunzitsa achinyamata amaseweranso matepi awo akale kuti anthu amve mmene ankalembera zosamveka ndi kulankhula mokokera, atagwira kale ntchito zaka zingapo.

Malangizo awo otchuka amachokera pomwepo. Iwo amati munthu amayamba luso chifukwa amadziwa kusiyanitsa chabwino ndi choipa, koma manja ake amakhala asanafike pamene khutu lake lafika. Ndiye amapanga chinthu, n'kumva yekha kuti sichikukoma, n'kugwa ulesi. Ambiri amasiyira pamenepa. Mankhwala ake, malinga ndi iwo, ndi kupanga zinthu zambiri, kudziikira tsiku lomalizira ntchito, n'kumaliza ngakhale zisakukondweretse.

Mu 1989 anasamukira ku Chicago, komwe anakhala nthawi yaitali m'sukulu za boma akujambula za aphunzitsi ndi ana. Kumeneko ndi komwe anamva David Sedaris akuwerenga zolemba zake m'kalabu ina, n'kumuthandiza kufika pa NPR mu December 1992. Lero Sedaris ndi mmodzi mwa alembi otchuka a nthabwala ku America.

Mu November 1995, patatha zaka 17 chilowere ku NPR, a Glass anayambitsa pulogalamu yawo pa wailesi ya WBEZ ku Chicago. Poyamba inkatchedwa Your Radio Playhouse, ndipo mu 1996 inasintha dzina kukhala This American Life.

Zokonda zija zinabwerera

Pulogalamuyi imatenga mutu umodzi pa sabata n'kuugawa m'magawo ngati sewero. Nkhani zake kawirikawiri ndi za anthu wamba. Kakonzedwe kake n'kosavuta kufotokoza: chinachitika ichi, chinatsatira ichi, womvera n'kumadzifunsa kuti kenako chichitika n'chiyani, ndiyeno wosimbayo amaima pang'ono n'kunena chimene nkhaniyo ikutanthauza. Apa ndi pamene digiri ija inagwira ntchito, chifukwa a Glass amati ku Brown ndi komwe anaphunzira mmene nkhani imamukokera munthu ndi mafunso. Wa matsenga nayenso amadziwa chomwecho: nthawi yobisa ndi nthawi youlula.

Sanaimire pa wailesi pokha. Mu 2007 ndi 2008 pulogalamuyi inaonetsedwa pa kanema wa Showtime. Mu 2012 analemba nawo ndi kukonza filimu ya Sleepwalk with Me pamodzi ndi wanthabwala Mike Birbiglia. Kuyambira 2013 anayenda m'mizinda yosiyanasiyana ndi akatswiri awiri ovina, Monica Bill Barnes ndi Anna Bass, akusakaniza magule ndi nkhani za pa wailesi. Tangoganizani, bambo wa zaka zoposa 50, wodziwika ndi mawu okha, akuvina pamaso pa anthu olipira pakhomo.

Anthu omwe anagwira nawo ntchito nawonso anapita patali. Mu 2008 Alex Blumberg ndi Adam Davidson anakonza gawo lofotokoza mmene ngongole za nyumba zinagwetsera chuma cha America, ndipo kuchokera pamenepo kunabadwa pulogalamu ya Planet Money. Mu 2014 Sarah Koenig ndi Julie Snyder anayambitsa Serial, yomwe inachititsa anthu miyandamiyanda kuyamba kumvera ma podcast. Mu 2020 This American Life inalandira mphoto ya Pulitzer yoyamba ya utolankhani wa mawu, chifukwa cha gawo lonena za anthu ofuna chitetezo ku America omwe ankawabweza kukadikira ku Mexico.

Nanga inu ndi foni yanu?

Zimene a Glass ankachita ndi tepi ndi lezala, lero foni ya m'thumba mwanu imachita m'mphindi zochepa. Koma foni siingafupikitse zaka zophunzira. Ngati munajambula agogo akusimba za kale, kapena munayesa podcast ndi anzanu n'kumva kuti sikukoma, musafufute msanga. Khutu lanu likugwira ntchito, kwatsala manja.

Komanso musachite manyazi ndi zokonda zanu zina, kaya kwaya, bawo, kusoka kapena mpira. Simudziwa kuti ndi chiti chidzakuphunzitseni kusimba nkhani. Chimodzi chokha chimene a Glass anakana kusakaniza ndi utolankhani ndi bodza. Daisey anadziteteza kuti iye ndi wa zisudzo osati mtolankhani, koma a Glass anamuyankha kuti omvera anaimva nkhaniyo ngati yoona, choncho inayenera kukhala yoona.