Phula la Malasha: Loteteza Mitengo, Loopsa Pamoto Wophikira

Polo ya magetsi ikagwa, kapena matabwa akale a njanji akachotsedwa, sakhalitsa pamalopo. Ena amakamangira khola, ena amawaza nkhuni, pakuti mitengo yakudayi siivuta kuyaka. Chimene chimaidetsa ndi kuinunkhitsa ndi creosote, mafuta ochokera ku phula la malasha, amene akhala akuteteza mitengo ku chiswe ndi kuwola kuyambira m'zaka za m'ma 1830.

Phulali limatuluka malasha akaphikidwa m'ng'anjo zosalowa mpweya. Pooneka ndi chinthu chimodzi, koma muli mankhwala mazanamazana. Akatswiri amawalekanitsa ndi makina otchedwa gas chromatograph: kadontho ka phula losungunula kamasandutsidwa nthunzi, n'kudutsitsidwa m'kapaipi kakatali, kopyapyala ngati ulusi. Mankhwala opepuka amafika kumapeto msanga, olemera amachedwa, ndipo makina ena amazindikira aliwonse poyeza kulemera kwake. Naphthalene, yemwe uja wa timibulu tothamangitsira njenjete m'sutikesi, amatuluka pakati pa oyambirira. Chakumapeto kwenikweni kumatuluka benzo[a]pyrene, wochepa zedi koma woyambitsa khansa.

Kumupeza kunatenga zaka zambiri. Mu 1775 dokotala wa ku London, Percivall Pott, anaona kuti anthu osesa mwaye m'machumuni ankadwala khansa ya kumaliseche. Mu 1915 ku Japan, Katsusaburo Yamagiwa ndi mnzake anapaka phula la malasha m'makutu mwa akalulu mobwerezabwereza mpaka khansa inaoneka. Dzina la mankhwalawo linadziwika mu 1933, akatswiri a ku London atasefa matani awiri a phula kuti apeze magalamu ochepa chabe.

Bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, linaika creosote m'gulu la zinthu zimene mwachidziwikire zingayambitse khansa. Izi sizikutanthauza kuti polo yoimikidwa kumpanda ndi mdani. Kumeneko n'kumene ntchito yake ili. Vuto limayamba mtengowo ukalowa m'khitchini. Utsi wake umapumidwa ndi mayi wophika pamodzi ndi mwana ali kumsana, umakhalanso pa chimanga chowotcha ndi nsomba zowamba.

Choncho alangizi akumbutse alimi kuti mitengo yotereyi isakhale nkhuni, isasemedwe chodyeramo ziweto, ndipo isaikidwe pakamwa pa chitsime. Woidula avale magolovesi ndi malaya a manja aatali, chifukwa creosote akakhudza khungu padzuwa amawotcha.